Miyezi Yochepa Kwa Eni: Mawu kwa Ophunzira Opita Kunja

Andipempha kuti ndikambe za moyo wa wophunzira wopita kunja kwa kanthawi, pa mgwirizano uja woti mayunivesite awiri amabwerekana ophunzira. Ndikamba kwambiri za mzinda wa Glasgow ku Scotland, chifukwa ndi kumene ine ndinakhalako ndili wophunzira. Amene mukulowera ku Germany, ku Norway kapena ku America, mutolepo zomwe zikukukhudzani.

Choyamba chimene ndikufuna chikhazikike m'mutu mwanu ndi kuchepa kwa nthawi. Munthu wokatenga digiri yonse ali ndi zaka zoti asokonezeke, adzuke, azolowere. Inu mulibe. Semesita yoyamba ku Scotland imayamba mu September, ndipo pofika December mayeso afika. Mlendo ndi mame. Ndiye funso langa lero ndi ili: miyezi yochepayi mukaigwiritsa ntchito yanji? Ine yankho langa ndi lakuti mukadziwe malo amodzi mozama, anthu ake, misewu yake, mbiri yake ndi momwe zinthu zake zimayendera, m'malo mothamanga mizinda khumi n'kubwerako ndi zithunzi zokhazokha. Zonse zomwe ndinene zikuchokera pamenepa.

Za mapepala ndidutsapo msanga, koma musazipepuse. Musanagule tikiti, pakhale pepala losainidwa ndi mkulu wa dipatimenti yanu kuno ndi anzawo a uko, lonena maphunziro omwe mukatenge komanso maphunziro a kuno omwe akulowedwa m'malo. Ku Scotland wophunzira amasenza ma credit 60 pa semesita, 120 pa chaka, ndipo 60 amenewo amafanana ndi 30 pa kawerengedwe ka mayiko ena a ku Ulaya. Ndaonapo mwana akubwerako atakhoza bwino, koma n'kuuzidwa kuti abwereze chaka chifukwa zomwe anaphunzira sizikugwirizana ndi za kuno. Lonjezo la pakamwa silithandiza tsiku lomwe munthu amene analonjezayo wasamutsidwa. Pepalalo mulisunge, lina musiyire makolo.

Viza ili pawiri. Wokakhala miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi akhoza kuphunzira pa viza ya mlendo, koma viza imeneyo siilola kugwira ntchito, ngakhale kaganyu kotsuka mbale. Wokakhala chaka chonse amatenga viza ya wophunzira, amayezetsa TB asananyamuke, amalipiriratu ndalama ya chipatala, ndipo amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Malamulowa amasinthasintha, choncho muwerenge okha a chaka chomwe mukupitacho, osadalira zomwe anakuuzani msuweni amene anapita kale. Dziwaninso kuti viza ya ku Britain siikulowetsani ku France, ku Italy kapena ku Spain. Kumeneko n'kwa viza ina, ya Schengen, ndipo kuipempha uli kale kunja pa viza ya kanthawi n'kovuta. Anzanu a ku Ulaya adzakwera ndege Lachisanu n'kubwerako Lamlungu, inu mudzatsala. Zimapweteka, koma ndibwereranso pamenepa chifukwa kutsalako kuli ndi phindu lake.

Ndalama nazo. Tonse tikukumbuka kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kholo lomwe linawerengera kuti litumiza zokwanira mwezi linapezeka likutumiza za masabata atatu okha. Choncho, makolo, musalonjeze mwana ndalama zomwe zikudalira kuti kubanki kupezeke ndalama zakunja. Ndipo inu ophunzira, ngati sikolashipu ikukupatsani kangachepe ka mwezi ndi mwezi, dziwani kuti inawerengedwa kuti isunge munthu mmodzi m'dziko lodula. Abale akamva kuti mukulandira mapaundi, foni siidzapuma. Kambiranani nkhaniyi muli kuno, pamaso ndi pamaso, kuti mwana asadzagone ndi njala ku Glasgow pochita manyazi kukana azakhali ake.

Tsopano tifike kumeneko.

Anthu adzakuchenjezani za kuzizira, ndipo n'zoona kumazizira, koma jekete yabwino yosalowa madzi ndi nsapato zolimba zimathetsa nkhaniyo. Musawononge ndalama kugula zimenezi kuno. M'masitolo ogulitsa zovala zakale, omwe phindu lake limapita ku ntchito zachifundo, mudzazipeza pa mtengo wabwino. Chomwe anthu sakuuzani ndi mdima. Ife tinakula dzuwa likutuluka ndi kulowa pafupifupi nthawi imodzimodzi chaka chonse, ndipo thupi linazolowera osadziwa. Ku Glasgow, Lamlungu lomaliza la October amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo usiku umayamba kudya masana. Chakumapeto kwa December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo maola ochepawo nthawi zambiri kumakhala mitambo ndi kamvula kowaza. Umalowa m'kalasi kuli mdima, umatuluka kuli mdima. Ine ndimakumbuka nditaima pa zenera la khitchini masana, magetsi a mumsewu atayaka, ana a sukulu akuweruka atavala zonyezimira kuti magalimoto awaone, thupi langa likundiuza kuti ndi nthawi yogona pamene ntchito ya tsikulo inali isanafike ndi pakati pomwe.

Mdima umenewu umalowa mumtima. Munthu amayamba kujomba kalasi ya m'mawa, kenako amasiya kuphika, kenako amangokhala pa WhatsApp ndi anthu a kumudzi mpaka pakati pa usiku. Si ulesi ayi, ndipo si kufooka kwa chikhulupiriro. Zimachitikira ngakhale eni dziko. Mukaona zikuyamba, tulukani panja masana ngakhale kukugwa mvula, muyende ndithu. Azaumoyo kumeneko amalangiza anthu kumwa vitamin D kuyambira October mpaka March, ndipo a khungu lakuda ngati ife amatilangiza kumwa chaka chonse. Yunivesite iliyonse ili ndi alangizi omwe ntchito yawo ndi kumva mavuto a ophunzira, kwaulere komanso mwachinsinsi. Kupita kumeneko si chamanyazi. Chamanyazi ndi kuona mnzako wa kwanu sakutuluka m'chipinda sabata yonse iwe osagogoda.

Khitchini ya ku hositelo musaipeputse, chifukwa ndi kumene ubwenzi wambiri umayambira. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia, ndipo mthiko ndi chipande mukhoza kunyamula m'chikwama. Tsiku lomwe ndinaphika nsima koyamba anzanga akuona, mtsikana wa ku China ndi mnyamata wa ku Spain anaima pafupi ndi mphika kudabwa momwe phala likusandukira chinthu cholimba. Ndinawasambitsa m'manja, ndinawaonetsa kutema ndi kuumba mbamu, tinadya ndi nyemba ndi kabichi. Sabata yotsatira anandiitana kuti ndikalawe za kwawo. Munthu amene wadya chakudya chako amakufunsa za kwanu mwa mtundu wina, ndipo ndi yemweyo amene adzakubwereke manotsi tsiku lomwe wadwala.

Za m'kalasi, chodabwitsa choyamba ndi kuchepa kwa maola ophunzitsidwa, makamaka kwa inu a mbiri, zachuma ndi zamalamulo. Mudzaona ngati mwapatsidwa tchuthi. Si tchuthi. Maola opanda kalasiwo ndi a mu laibulale, ndipo pa tutorial, pomwe mumakhala ochepa mozungulira tebulo, mphunzitsi amayembekezera kuti mwawerenga ndipo muli ndi maganizo anuanu. Ife tinaleredwa kuti mwana sayankha wamkulu, ndipo ulemu umenewo ndi chuma, musautaye. Koma kumeneko kukhala chete amakuwerenga ngati kusakonzeka. Pulofesa wa imvi adzakuuzani kuti muzimutchula dzina lake loyamba, ndipo mukatsutsa mfundo yake ndi umboni, adzakondwa. Chingerezi cha anthu a mumzindawu n'chothamanga, ndipo masabata oyamba woyendetsa basi simudzamumva. Mupempheni abwereze. Safunsa anadya phula.

Chinthu chimodzi chomwe sakhululuka ndi kutenga zolemba za munthu wina, kapena za makina, n'kuzipereka ngati zako. Nkhani zomwe mwalemba zimadutsa pa kompyuta yofufuza kufanana kwa mawu. Sabata yoyamba laibulale imaphunzitsa katchulidwe ka mabuku omwe wagwiritsa ntchito. Pitani. Ndipo muli momwemo, yang'anitsitsani momwe laibulaleyo imayendera: momwe buku limaitanitsidwira kuchokera ku sukulu ina, momwe magazini a kafukufuku amapezekera pa intaneti, momwe wophunzira wosaona amathandizidwira. Ena mwa inu mudzayendetsa masukulu, zipatala ndi makhonsolo a dziko lino. Zomwe mudzaone ndi maso anu zikugwira ntchito, palibe amene adzakuuzeni kuti n'zosatheka.

Ndafika pa za kuyenda, pomwe pali mtima wanga.

Ndinati anzanu adzauluka inu n'kutsala. Pakati pa ophunzira obwerekedwa pamakhala kampikisano kowerenga mayiko: uyu wafika ku Paris, uyu ku Rome, uyu ku Amsterdam, aliyense masiku awiri. Kuyenda kotero kuli ngati kulawa ndiwo m'miphika ya mudzi wonse n'kukagona ndi njala. Inu, Mmalawi amene mwaikidwa ku Glasgow, mwaikidwa mumzinda womwe mbiri yake yalukana kwambiri ndi yanu, ndipo zambiri mukhoza kuziona ndi ndalama ya basi yokha.

Yambani ndi mtsinje wa Clyde. Sitima ya Ilala, yomwe mpaka lero anthu a ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Usisya amaidikira pa gombe, inapangidwa m'mbali mwa mtsinje umenewu, ku Scotstoun, ndi kampani ya Yarrow mu 1949. Inabwera kuno zidutswazidutswa, inalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja yathu, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Sitima ya Chauncy Maples nayo inapangidwa ku Glasgow komweko, zaka makumi asanu m'mbuyo mwake. Kampani ya African Lakes, yomwe agogo athu ankangoitcha Mandala, inakhazikitsidwa ndi amalonda a mumzindawu mu 1878, ndipo nyumba ya Mandala yomwe ili ku Blantyre kwathu kuno ndi mwana wa ndalama zimenezo. Pitani ku Riverside Museum, kolowa ulere, mukaone zifanizo za sitima zomwe zinapangidwa pa Clyde. Kenako mufunse anthu achikulire chomwe chinachitikira mabanja a ku Govan pamene mafakitale ambiri a sitima anatsekedwa. Mudzamva za ulova, uchidakwa ndi umphawi pakati pa azungu, ndipo maganizo oti kunja kulibe mavuto adzakuchokani.

Mukatero yendani pakati pa mzinda mukuwerenga mayina a misewu. Virginia Street. Jamaica Street. Buchanan Street, msewu wa masitolo okongola, ndi Glassford Street, zinatchedwa mayina a amalonda a fodya a zaka za m'ma 1700, omwe analemera ndi fodya wolimidwa ndi akapolo a ku Africa m'minda ya ku Virginia ndi Maryland. Nyumba yomwe lero ndi Gallery of Modern Art inayamba ngati nyumba yogona ya mmodzi wa iwo, William Cunninghame. Mwana wa mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, amene akudziwa fungo la chigafa ndi kulira kwa bambo ake pobwera ku okushoni, akaima pa msewu umenewo ali ndi mafunso omwe mnzake wa ku Sweden sangawaganize: ndani amalima, ndani amaika mtengo, nanga nyumba zosanja zimamangidwa kuti? Mafunso amenewo mukawatengere ku tutorial. University of Glasgow, yomwe inayamba mu 1451, inatulutsa lipoti mu 2018 lovomera kuti inapindulapo ndi chuma cha ukapolo. Yunivesite yomweyo ndi imene inapereka digiri ya udokotala mu 1837 kwa James McCune Smith, munthu wakuda wa ku America amene sukulu za kwawo zinamukana chifukwa cha khungu, ndipo lero nyumba ina yaikulu yophunziriramo ili ndi dzina lake. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo wophunzira weniweni amasenza zonse ziwiri.

Loweruka lina mukwere sitima ya pamtunda ku Glasgow Central mupite ku Blantyre wa kumeneko, ulendo wosakwana theka la ola. Ndi katawuni kakang'ono, kutalitali ndi kukula kwa mzinda wathu womwe unatenga dzina lake mu 1876. Kumeneko kuli nyumba ya Shuttle Row, momwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, mabedi olowa m'khoma, ndipo mwanayo anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ine nditaima m'chipinda chimenecho, munthu amene ndinamuphunzira ku pulayimale ngati chimphona anasanduka mwana wa anthu osauka amene ankawerenga buku ali pa makina. Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akupereka malo kwa Aafirika omwe ankayenda naye. Mukafunefune dzina la James Chuma, Myao amene anamasulidwa kwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861 kumapiri a Shire kwathu kuno, amene pamodzi ndi Abdullah Susi anatsogolera gulu lonyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku gombe la Bagamoyo. Anthu amenewo anali odziwa njira, zilankhulo ndi kukambirana ndi mafumu. Popanda iwo ulendo sukanayenda.

Kunja kwa mzinda nakonso mupiteko. Edinburgh, komwe Kamuzu Banda anatengera mapepala ake a udokotala mu 1941, ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Sitima yopita ku Balloch imakutulani m'mphepete mwa Loch Lomond. Njanji yopita ku Fort William ndi ku Mallaig imadutsa m'zipululu ndi m'mapiri okongola zedi, ndipo ndi khadi ya sitima ya achinyamata mtengo umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chenjezo limodzi: phiri lawo lalitali, Ben Nevis, ndi mamita 1,345 okha, losafika ndi theka la Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma limapha anthu. Nyengo imasintha m'kanthawi kochepa ndipo m'nyengo yozizira pamwamba pamakhala chipale ndi mphepo yoopsa. Musakwere nokha, lowani gulu la ophunzira okwera mapiri, ali ndi zida ndi odziwa njira.

Anthu ndiwo atsala. Mu 2005 boma la Scotland ndi la Malawi anasainirana mgwirizano, ndipo pali bungwe la Scotland Malawi Partnership lomwe limalumikiza masukulu, mipingo ndi zipatala za mbali ziwirizi. Zotsatira zake n'zakuti mukanena kuti ndinu wa ku Malawi, si kawirikawiri kuti munthu akufunseni kuti n'kuti kumeneko. Mudzakumana ndi mayi wachikulire ku tchalitchi amene anakaphunzitsapo ku Ekwendeni, kapena namwino amene anagwirapo ntchito ku Mulanje. Akakuitanani kunyumba, pitani, ndipo mufike pa nthawi yomwe mwapangana. Akakuitanani ku ceilidh, gule wawo wogwirana manja, lowani m'bwalo; pamakhala munthu wofuula masitepe ndipo palibe amene amaseka wolakwitsa. Amalawi okhala kumeneko muwafunefune, adzakusungani ngati ana awo. Koma musathere miyezi yonse pakati pa Amalawi okhaokha, chifukwa zimenezo mukanatha kuchita ku Zomba.

Ambiri mwa anthu okoma mtimawa amadziwa Malawi wa njala, wa Edzi ndi wa ana amasiye, chifukwa ndi amene anamusonkhera ndalama. Musakwiye nawo, komanso musangogwedeza mutu. Auzeni za Malawi amene inu mukumudziwa, wa alimi odziwa nthaka yawo, wa achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta, wa makhoti omwe mu 2020 anafafaniza chisankho cha pulezidenti anthu n'kukavotanso. Kuti muchite zimenezi muyenera kudziwa dziko lanu, choncho muwerenge mbiri yathu musananyamuke. Sindikubisirani kuti tsiku lina mukhoza kukumana ndi munthu wa mwano chifukwa cha khungu lanu, m'basi kapena mumsewu usiku. Musabwezere ndi manja. Chokanipo, mukanene ku yunivesite kapena ku polisi, chifukwa kumeneko ndi mlandu, ndipo muuze mnzanu kuti musasenze nokha.

Pomaliza ndinene za kubwerera, ndipo makolo mumve nawo. Chakumapeto kwa nthawi yanu padzapezeka wina wokunong'onezani kuti mungotsalira, kwanu kuli chiyani. Ndikudziwa mavuto a dziko lathu ndipo sindiweruza munthu amene akufuna moyo wabwino. Koma wotsalira viza itatha amakhala moyo wobisala, wolipidwa mwachinyengo, woopa chipatala, ndipo digiri yake kuno imafera panjira. Choposa apo, malo omwe mwapatsidwawa si anu nokha. Mgwirizano wa mayunivesite umayenda pa kukhulupirirana, ndipo mmodzi akathawa, amene amalipira ndi mwana wa chaka chachiwiri amene akulimbikira lero kuti adzapite mawa. Ngati mwakukonda kumeneko, bwerani mudzamalize digiri, kenako mudzafunsire Chevening, Commonwealth kapena sikolashipu ina, mudzapitenso pa khomo la kutsogolo. Mphunzitsi amene munamuyankha bwino pa tutorial ndi amene adzakulembereni kalata yokuchitirani umboni.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino isanathe, aliyense akaonane ndi mkulu wa dipatimenti yake za pepala la maphunziro lija. Mukafika uko, gulani kope, muzilemba zomwe mwaona, mitengo ya zinthu, mayina a maofesi omwe anakuthandizani ndi njira zomwe munadutsa. Mukabwerako mudzaime pano pomwe ndaima ine, mudzawawerengere azing'ono anu amene adzakhale akukonzeka kunyamuka. Muyende bwino, ana athu.